Maliro atha, anthu abalalika: anamfedwa tiwatonthoze bwanji?

Mayi wa Chigwirizano, Mponela

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndigawireniko nzeru. Pa siwa timachezera kuyimba, abusa amalalika, chipepeso chimaperekedwa. Koma pakatha sabata ziwiri chiikire maliro, mayi wamasiye amatsala yekha ndi ana, ndipo ena amasiya n'kutchalitchi komwe. Tikapita kukawaona timasowa chonena. Timangoti "limbani mtima, n'chifuniro cha Mulungu," iwo n'kungowerama. Kodi Mkhristu akamalirabe patapita miyezi ndiye kuti chikhulupiriro chachepa? Nanga tikafika pakhomo tiyambire pati?

Mkulu wa mpingo, Nkhoma

Ayi amayi, sichinachepe. Ambiri timawerenga 1 Atesalonika 4:13 n'kulekezera pakati. Paulo sakuletsa kulira, akuletsa kulira ngati anthu opanda chiyembekezo. Pa Yohane 11:25 Yesu akuuza Marita kuti Iye ndiye kuuka ndi moyo, koma pofika vesi 35 Iye yemweyo akulira ku manda a Lazaro, akudziwa bwino kuti amuukitsa posachedwa. Aisraeli analira Mose masiku 30 (Deuteronomo 34:8). Ndipo 1 Akorinto 15:26 imatchula imfa kuti mdani. Tsono tisamakometse chimene Malemba akuchitcha mdani.

Mawu oti "n'chifuniro cha Mulungu" asungeni kaye. Mayi amene amuna ake afera pa ngozi ya minibasi amawamva ngati mukuti Mulungu ndiye anagubuduza galimotoyo, ndipo apa m'pamene ena amalekera kupemphera. Anzake a Yobu anachita bwino pamene anakhala naye pansi masiku 7 osanena kanthu (Yobu 2:13). Analakwa atayamba kumufotokozera chifukwa cha mavuto ake, mpaka Mulungu anawadzudzula (42:7).

Mavesi nawonso ali ndi nthawi yake. Masiku oyambirira werengani Salimo 13 kapena 34:18, chifukwa amapatsa namfedwa mawu odandaulira kwa Mulungu. 1 Akorinto 15 ndi Chivumbulutso 21:4 zibwere mtima ukayamba kutsika. Vesi limodzi n'lokwanira, musalalikire.

Katekisiti, Dedza

Ndikugwirizana ndi akulu a mpingo. Ine ndiwonjezere za kayendedwe kake. Pitani awiri kapena atatu, osati gulu lonse, chifukwa mukachuluka wamasiye amakakamizika kukuphikirani ndi ufa umene alibe. Tengani kaufa, shuga, sopo, nkhuni. Theka la ola lakwana, pokhapokha iye mwini atayamba kulankhula. Akayamba, musamudule, ngakhale akubwereza nkhani yomweyo ya kuchipatala kachisanu. Malemu atchuleni dzina. Timaopa kuti tidzutsa chisoni, chonsecho chimene chimamupweteka wamasiye n'kuona ngati anthu aiwala kale.

Lembani m'kope ndani apita liti: sabata iliyonse kwa miyezi iwiri, kenako kamodzi pamwezi mpaka chaka chithe. Popanda kulemba, aliyense amaganiza kuti mnzake wapita, mapeto ake sipapita munthu. Muikemonso masiku owawa: Khirisimasi, tsiku limene malemu anatisiya, sabata yotsegulira sukulu pamene fizi ikufunika, ndi mvula yoyamba, munda uli wosagalauza. Lamulungu loyamba kubwerera kutchalitchi, mukamutenge kunyumba n'kukhala naye pa benchi limodzi.

Dziwaninso mpingo wake. Ife Akatolika timapempherera omwalira, timaperekera Misa, ndipo pa 2 Novembala timawakumbukira onse. A CCAP sapempherera akufa. A Seventh-day amaphunzitsa kuti akufa ali m'tulo kufikira Yesu adzabwere. Pakhomo pa namfedwa si pokanganirana zimenezi. Gwirani chimene tonse timavomereza, kuuka kwa akufa.

Yakobo 1:27 akunena za kucheza ndi ana amasiye ndi akazi amasiye m'chisautso chawo, ndipo chisautso chachikulu kwathu kuno n'kulandidwa katundu. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wa masiye ndi mlandu. Muthandizeni kupeza chiphaso cha imfa ku NRB (ofesi ya boma yolembetsa nzika), asunge bwino mapepala a malo, a kubanki ndi a penshoni, ndipo achibale akayamba kuvuta mumuperekeze kwa a DC kapena ku ofesi ya Administrator General, yoona za chuma cha masiye.

Namwino, Lilongwe

Kulira, kusowa tulo, kusafuna chakudya, ngakhale kumva ngati malemu akuitana, n'zachizolowezi masabata oyambirira. Zodetsa nkhawa ndi izi: thupi likutha, wasiya kusamba ndi kusamala ana, walowerera mowa, wasiya kumwa mankhwala ake a BP, a shuga kapena ma ARV, akugawa katundu wake, kapena akunena kuti "bola ndingomutsatira." Mukamva mawu amenewo mufunseni mosabisa ngati akuganiza zodzipha. Kufunsako sikumupatsa maganizowo. Akavomera musamusiye yekha, chotsani tameki ndi mankhwala a m'munda m'nyumbamo, mupite naye kuchipatala cha boma tsiku lomwelo. A chipatala cha matenda a maganizo cha St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amaperekanso uphungu. Pempherani naye ndithu, koma kuchipatala apite.

Ana musawanamize kuti "adadi apita ku ulendo." Mwana amadikira pakhomo. Muuzeni kuti amwalira, sabweranso kunyumba kuno, ndipo si iye anachititsa.

Mayi wa Chigwirizano, Mponela

Zikomo nonse. Chimodzi chatsala: nanga akandifunsa kuti amuna awo ali kuti, pomwe malemuwo sankapemphera?

Mkulu wa mpingo, Nkhoma

Musawalonjeze chimene simukudziwa, komanso musaweruze. Zimene zinachitika pakati pa munthu ndi Mulungu wake m'maola omaliza palibe wa ife anaziona. Wachifwamba uja anatembenuka ali pa mtanda (Luka 23:42-43). Auzeni kuti malemu ali m'manja mwa Woweruza wa dziko lonse amene sangachite chosalungama, monga ananenera Abrahamu pa Genesis 18:25. Funso limeneli limabweranso, ndiye adziwitseni abusa kuti nawonso akacheze nawo.