Silaidi imodzi, wina wawerenga 58 wina 92: vuto lili pati?

Wophunzira: Akuluakulu, ndithandizeniko nzeru. Tikuwerenga timitsempha ta magazi m'zotupa za khansa ya m'mawere kuti tione ngati kuchuluka kwake kukugwirizana ndi mmene matenda anayendera pambuyo pake. Tagwiritsa ntchito CD31, antibody yomwe imapaka utoto maselo a m'kati mwa mitsempha, ndipo tikutsata njira ya katswiri Weidner ya 1991: kusaka hot spot (malo omwe timitsempha tachulukana kwambiri) ndi lenzi yaing'ono, kenako kuwerenga pa x200. Koma pa silaidi imodzimodziyo ine ndapeza 58, mnzanga 92. Pa ena onse nambala zake zimakhalanso pamwamba. Wolondola ndani?

Wa mu labu: Musanayambe kulozana zala, maikulosikopu yake ndi imodzi? Taonani pa lenzi yoikapo diso, palembedwa 10x/18, 10x/20 kapena 10x/22.

Wophunzira: Ayi, aliyense ali ndi yake. Yanga ndi 18, yake 22.

Wa mu labu: Basitu, nkhani yagona pamenepo. Gawani nambalayo ndi 20 ya lenzi yapansi. Inu mukuona bwalo la 0.9 mm m'mimba mwake, lomwe ndi 0.64 mm². Mnzanuyo akuona la 1.1 mm, 0.95 mm². Nonse mukuti x200 koma malo ake ndi aakulu pafupifupi kamodzi ndi theka. Mukagawa, inu muli pa 91 pa mm², iye 97. Weidner mwiniwake bwalo lake linali 0.74 mm², ndiye nambala za "pa bwalo limodzi" musamaziyerekeze ndi zake osasintha kaye.

Dokotala wamkulu: Awa anena zoona. Koma musasangalale msanga, chifukwa kusiyana kwina kukubwera. CD31 imagwiranso ma plasma cell ndi ma macrophage, omwe ndi maselo a chitetezo cha m'thupi. Chotupa chikakhala ndi maselo otere ambiri, pa lenzi yaing'ono pamaoneka bii, munthu n'kuganiza kuti wapeza hot spot. Mukayandikira mupeza timaselo tozungulira, kalikonse pakokha, nucleus ili chakumbali. Amenewo si mitsempha.

Kenako gwirizanani malamulo, muwalembe papepala. Selo la endothelium (maselo okuta m'kati mwa mtsempha) lomwe lagwira utoto, kapena kagulu kake koima pakokha, ndi mtsempha umodzi. Sikofunika kuti pakhale kabowo pakati kapena maselo ofiira mkati. Mitsempha ikuluikulu yokhala ndi minofu m'khoma siwerengedwa. Ndipo chonde, pewani pomwe panadutsa singano ya biopsy (yotengera kachidutswa ka chotupa kokayeza), pa chilonda, ndi m'mbali mwa minofu yakufa. Bala likamapola limameretsa timitsempha take tambirimbiri. Ndaonapo anthu akuwerenga chipsera cha singano mokondwa, ati khansa yolusa.

Wa kafukufuku: Bwanji osangosinthira ku antibody wina, CD34? Imatuluka bwino, yoyera.

Wa mu labu: Imatuluka bwino inde, koma imagwiranso maselo ena a stroma, minofu yomwe imagwiriziza chotupa. Komanso kusintha antibody ntchito ili pakati ndi kuyambiranso zonse. Weidner anagwiritsa factor VIII, yomwe imaphonya timitsempha tina tating'ono, n'chifukwa chake nambala za antibody wina sizilowa m'malo mwa za mnzake.

Wa kafukufuku: Ndiye ngati ndalama zilipo onjezani CD105 pambali. Imakonda mitsempha yomwe ikumera kumene, osati yakale imene chotupa chaipeza kale pamalopo.

Dokotala wamkulu: Apo mwakhudza chimene chimandivuta ine pa muyeso wonsewu. Katswiri wina, Folkman, mu 1971 ananena kuti chotupa sichingapitirire 1 kapena 2 mm popanda kudzipezera mitsempha yatsopano. Zimenezo zili bwino. Koma ife pa silaidi tikuwerenga mitsempha yomwe ilipo, sitikuona liwiro lomwe ikumerera. Akatswiri ena atasonkhanitsa kafukufuku wambiri wa khansa ya m'mawere mu 2004, anapeza kuti kuchuluka kwa timitsempha kumalosera ndithu, koma mofooka. Sikungapose zizindikiro zomwe timadalira kale monga ma lymph node, kukula kwa chotupa, grade, ER kapena HER2. Sikukuuzaninso amene bevacizumab, mankhwala oletsa kumera kwa mitsempha yatsopano, imuthandize. Pa kafukufuku pitirizani, koma mu lipoti la wodwala ine sindingaikemo.

Wophunzira: Zikomo kwambiri adokotala. Nanga pa kusankha hot spot? Pamenepo timasiyanabe nthawi zina.

Dokotala wamkulu: Aliyense amasiyana ndi mnzake pamenepo. Khalani pamodzi pa masilaidi angapo oyamba, muziika kadontho ndi peni pa malo atatu omwe mwagwirizana. Mukazolowerana, aliyense awerenge payekha, asakudziwa mmene wodwala anathera. Ngati mungapeze Chalkley graticule, galasi ya madontho 25 yoika mu lenzi yoikapo diso, yesani: mumaizunguza mpaka madontho ambiri atagwera pa mitsempha, n'kuwerenga madonthowo. Imachotsa mkangano woti apa ndi mtsempha umodzi kapena iwiri.

Wa mu labu: Nane ndionjezere za kwathu kuno ku benchi. Masilaidi onse adulidwe pa makulidwe amodzi, 4 µm, ndipo muone nthawi imene minofu inakhala mu formalin, mankhwala osungira minofu. Yokhalitsa imagwira utoto mozimiririka, nambala n'kutsika popanda chifukwa. Mitsempha ya minofu yabwino ya m'mbali ikhale control yanu, yoonera ngati utoto wagwira bwino: ikapanda kugwira, silaidiyo ibwerezedwe.

Wophunzira: Chabwino. Tiyambiranso pa maikulosikopu ya 22 tonse awiri, zotsatira pa mm². Ma block akale (minofu yosungidwa mu phula) omwe sitikudziwa nthawi ya formalin tiwaike pagulu lawolawo?

Wa mu labu: Eya, pawokha. Mudulenso atsopano kuchokera ku block, musatenge masilaidi omwe anadulidwa kalekale n'kusungidwa.