Ana a Gogo NaTembo: za phewa la amalume Yohane

Esnart: Mwadzuka bwanji nonse. Lero akwana masabata 5 chichitireni opaleshoni amalume. Tinagwirizana K300 khomo lililonse, makomo 8. Apereka ndi 5, ndiye K1,500. Ndachotsapo K450 ya ufa ndi takisi yopitira ku liviyu (kukaonedwanso ndi dokotala), yatsala K1,050. Otsala mukudzidziwa

Dalitso: Zikomo asuweni. Koma atate akuti pa yotsalayo tichotsepo K400 tikonzetse njinga, limu yakutsogolo inapindika ndi foloko yomwe, wokonza wa pa Kapata waiona kale

Amai Tisa: Njinga isakonzedwe.

Amai Tisa: Ndanena ine. ISAKONZEDWE. Achimwene ndimawadziwa, ikakonzedwa lero mawa 4 koloko ali pamsewu wa Mwami ndi matumba atatu a makala pa kaliyala

Grace: Amai akunena zoona. Dalitso tamvera, fupa lomwe linathyoka ndi lija lochokera m'munsi mwa khosi kupita paphewa, anaikamo kachitsulo ndi masikuluwu. Kachitsuloko kamangogwira fupa kuti lisasunthe, kulumikizana limalumikizana lokha ndipo kwa munthu wamkulu zimatenga masabata 6 mpaka 12. Pa njinga thupi limatsamira pa mahandulo, bampu iliyonse imathera paphewa pomwepo. Akakankha katundu pachitunda kapena kugwanso kachitsulo kangathe kupindika, tibwerere ku fiyeta

Dalitso: Ndikumva. Koma inu simukuwaona. Dzulo m'mamawa ndawapeza kuseri kwa nyumba avula kansalu kokolekera mkono akapachika pa chishalo, akuthira oilo pa tcheni ndi dzanja lamanzere, kupukusa pedulo pang'onopang'ono kumangomvera kulira kwake. Amai aja a pa Saturday Market omwe amawaperekera makala zaka zonsezi ayamba kutenga kwa mnyamata wina. Usiku sagona, amatsamira khoma ndi mapilo awiri mpaka kucha

Chikondi: Eish zomvetsa chisoni. Yanga ndituma Lachisanu pa Airtel Money tikalandira, kuno ku Kitwe mwezi unali wautali

Esnart: Lachisanu lake lino eti achemwali, poti lapita lija munateronso

Chikondi: Lino

Amai Tisa: Ena nthawi ya malata a nyumba ya amai analinso chonchi. Sinditchula munthu. Njinga isakonzedwe basi

Alamu aZulu: Pepani kulowerera, kodi amene ali ndi nambala ya uja wa feteleza ku Katete? Mvula yayandikira ine sindinagule olo thumba limodzi

Chikondi: Alamu funsani Mabvuto ndi mnzake. Paja mbuzi ija inapezeka?

Alamu aZulu: Inapezeka ku dimba la eni ake, ndalipira mitu 6 ya kabichi

Esnart: Mabvuto yemweyo ndikumufuna ine. Mauthenga akuwerenga, tima tiki tabuluu tikuoneka, foni sayankha kuyambira Lamulungu

Grace: Tibwerere kwa amalume. Dalitso mafizo, masewero olimbitsa phewa aja, akuchita? Kuwerama n'kulekerera mkono uzilendewera uku ndi uku ngati analangizira achipatala. Zija zokwera khoma ndi zala ndi zonyamula ndodo ya tsache ndi manja awiri adikire a fizo awalole. Akangokhala osaugwedeza phewa limauma, olo fupa lipole sadzafikira mahandulo bwino

Dalitso: Zolendewera akuchita m'mawa ndi madzulo. Lachiwiri anajomba ku fizo, anati ya takisi kuchoka ku Mchini bola igule ndiwo

Grace: Ayi ayi. Imeneyo ndiye ntchito ya ndalama tikusonkhayi. Esnart ya takisi uzimupatsa Dalitso m'manja tsiku lomwelo

Dalitso: Atate akuti ndilembe mawu awo. Akuti ana anga zikomo pa zonse. Njinga ija ya Eagle anandisiyira ndi atate anga, anaigula nthawi imene fakitale ya Luangwa inkapanga njinga muno m'Chipata. Ndiyo yaphunzitsa Dalitso ndi alongo ake. Sindikufuna kukwera lero, ndikufuna ndiziiona ili yoima pa mawilo ake. Kudyetsedwa ndi ana a mlongo wanga kukundiwawa kuposa phewali

Amai Tisa: Achimwene mwandiliza. Inu munandinyamula pa kaliyala yomweyo usiku ndili ndi pakati pa Grace mpaka kuchipatala, lero mukuchita manyazi ndi ufa? Idyani. Koma njinga isakonzedwe

Grace: Amai dikirani. Tikonze, koma wilo lakutsogolo likakhale kwa Esnart ku Kalongwezi. Liviyu ya pa 14 akajambula ekisileyi, dokotala akati fupa lagwirana ndiye tikambirane zoyamba kupalasa pamalo osalala, opanda katundu, kamtunda kakafupi. Makala asanakwane miyezi 3 ayi, ndipo mpaka dokotala anene yekha

Alamu aZulu: Pakali pano makalawo Yosefe wanga angathe kumawaperekera amai a pa msika aja ndi njinga yanga Loweruka, kasitomala asapite. Phindu lizipita kwa alamu Yohane

Dalitso: Alamu aZulu Mulungu akudalitseni, atate amva ndipo avomera zonse ndi za wilo zomwe

Amai Tisa: Wilo ndisunga ine. Kwa Esnart akapita kukamunyengerera apereka

Mabvuto: Bwanji family, foni inali na vuto. Nizatuma manje manje

Esnart: Nambala ndi yomwe ija. Ndiye tikachotsa K400 ya njinga yatsala K650, ya takisi ya fizo kawiri pa sabata ndi ya pa 14 sikwanira mpaka Chikondi, Mabvuto ndi khomo la aPhiri atume

Amai Tisa: Kwa aPhiri ndipitako ndekha ndikaweruka ku Chigwirizano Lachinayi

Grace: Dalitso uwauze kansalu kaja abwezere pakhosi, asakavulenso mpaka pa 14

Dalitso: Avala. Azakhali wilo ndibweretsa likachoka kwa wokonza, mudzakhala pakhomo nthawi yanji?