Ndiyambire pati bizinesi yokonza makompyuta kuno ku Johannesburg?

Wa ku Mangochi, Mayfair:

Moni akuluakulu nonse. Ndagwira ntchito zaka zitatu m'shopu ya munthu wina ku Fordsburg, komwe ndinaphunzira kukonza malaputopu, ndipo tsopano ndikufuna kuima pandekha. Zida zoyambira ndili nazo, kuphatikizapo multimeter (kachipangizo koyezera magetsi) ndi chowotcherera mawaya, koma ndalama zomwe ndasunga ndi zochepa. Kodi ndichite lendi kashopu, kapena ndiyambire m'chipinda chomwe ndimagona? Ndikupemphanso amene munadutsamo kale kuti mundiunikire za mapepala, chifukwa sindikufuna kuti thukuta langa lidzathere kupolisi.

Bambo a ku Turffontein:

Achimwene, musathamangire shopu, pakuti mwininyumba amafuna lendi yake mwezi ukatha, kaya makasitomala abwera kaya sanabwere. Ine ndinayambira patebulo la m'khitchini, ndipo masana ndinkayenda ndi chikwama changa m'masaluni, m'matchalitchi ndi m'mashopu osindikiza mapepala, kufunsa ngati pali kompyuta yomwe ikuvuta.

Ntchito yomwe inandidyetsa chaka choyamba sinali yozama ayi: kuchotsa hard drive yakale (chosungira mafayilo) n'kuikamo SSD (chosungira mafayilo chothamanga kwambiri), kuwonjezera RAM (memore yomwe kompyuta imagwiritsa ntchito ikayaka), ndi kuchotsa fumbi lomwe limatseka fani mpaka makina n'kumazima okha chifukwa cha kutentha. Mayi wina anabwera ndi laputopu yomwe inkatenga mphindi zisanu kuti iyake, ndipo nditaikamo SSD inayaka iwo asanamalize kuvula jekete. Sabata yotsatira anandibweretsera anzawo atatu a kumpingo.

Muzikonzekeranso nyengo ya mvula. Ziphaliwali za kuno, komanso magetsi akamabwerera mwamphamvu atazima, zimapsereza machaja ndi ma power supply (zipangizo zogawira magetsi m'kati mwa kompyuta), choncho musamasowe zinthu zimenezi m'kabati. Chinanso, Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo makina ambiri akale sangalandire Windows 11 chifukwa alibe TPM 2.0, kachipangizo ka chitetezo komwe Windows 11 imafuna. Eni ake akufuna munthu wowauza zoona pa nkhaniyi.

Mayi a ku Rosettenville:

Ndikugwirizana ndi bambo ayankha pamwambapa, koma ine ndilankhule za mapepala. Choyamba onetsetsani kuti chilolezo chanu chokhalira m'dziko muno chikukulolani kuchita bizinesi. Kampani imalembetsedwa ku CIPC, bungwe la boma lolembetsa makampani, ndipo za misonkho ndi za ku SARS, bungwe lotolera misonkho. Lamulo la Consumer Protection Act la 2008 limanena kuti chipangizo chomwe mwaika pokonza, pamodzi ndi ntchito yoikirayo, chimakhala ndi chitsimikizo cha miyezi itatu, choncho mtengo wanu uziganizira zimenezi. Ngati mudzayambe kugula ndi kugulitsa makina ogwiritsidwa kale ntchito, lamulo la Second-Hand Goods Act la 2009 limafuna kuti mulembetse kupolisi.

Mfundo yomalizayi ndikuinena ndi mtima wonse, chifukwa inandigwetsa misozi. Mnyamata wina anabwera ndi laputopu yatsopano yopanda chaja, akuti waiwala password, ndipo ankafuna kuti ndifufute zonse tsiku lomwelo. Mwamuna wanga anandichenjeza, koma ine ndinaona ndalama. Patapita masiku ochepa apolisi anafika, chifukwa inali yobedwa, ndipo ndinalibe chilichonse cholembedwa chosonyeza amene anaibweretsa. Kuyambira pamenepo ndili ndi buku lomwe ndimalembamo dzina la kasitomala, nambala ya foni yake, serial number ya makina, vuto lake ndi mtengo womwe tagwirizana, ndipo amasaina ndisanamasule sikuluu ngakhale imodzi. Wokana kusaina ndimamubwezera katundu wake pakhomo pomwepo.

Wa ku Mangochi, Mayfair:

Zikomo kwambiri bambo ndi mayi. Nkhani ya shopu ndaiika kaye pambali, ndipo buku ndikagula mawa lino. Mayi, ndikupemphani kuti mundijambulire tsamba limodzi losalembapo la buku lanulo, kuti ndione m'mene munagawira mizere yake.