Zotsatira za ulendo wathu wa ku malo a nkhondo ya 1914

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa za njira yochokera kuno ku Nchalo ndi banja kukaona malo a Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse. Tinatsata malangizo oti tiyambire ku Zomba, Karonga akhale kumapeto.

Tinalawirira m'mamawa kuti tikwere Thabwa kusanatenthe. Galimoto yodzaza imabwatitsa madzi pachitunda chimenechi, choncho yang'anani radiyeta usiku wake. Ku Zomba, chipilala cha asilikali a KAR (King's African Rifles, gulu la nkhondo la nthawi ya atsamunda) chili pafupi ndi Cobbe Barracks. Musaloze kamera kukampu, pemphani kaye.

Ku Mangochi musangodutsa. Pafupi ndi nsanja ya wotchi pali mfuti ya sitima ya Angerezi ya Guendolen, sitima imene inawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann pa Nyanja ya Malawi pa 13 Ogasiti 1914. Ana anaikonda koposa zonse.

Potsika Chiweta ikani giya yaying'ono. Mukadalira mabuleki okha amatentha n'kuleka kugwira. Thirirani mafuta ku Mzuzu.

Ku Karonga nkhondo inamenyedwa pa 9 Seputembala 1914, ndipo kumanda kuli Angerezi ndi Ajeremani omwe. Yambirani ku myuziyamu, akulozerani njira. Nyengo ya dzinja musayese msewu wa M5 wa m'mbali mwa nyanja wodzera ku Salima ndi Nkhotakota, milatho imakokoloka.