Ndalama za chaka chino: mpanda wa dimba kapena marampu a pasukulu?

Wapampando:
Abale ndi alongo, kontilakita uja watumiza mitengo yake ya ntchito ziwiri za pasukulu ya pulayimale ya kwathu ku Thyolo, zomwe ndi mpanda wa dimba la ana ndi marampu oti njinga za anthu aulumali zizilowera m'makalasi. Ndalama zomwe tasonkha sizikwanira zonse ziwiri, choncho ndikupempha maganizo anu lisanafike Loweruka.

Membala wa ku Johannesburg:
Zikomo a Wapampando. Ine ndikuti tiyambe ndi mpanda, chifukwa mbuzi zikumaliza mpiru ndi tomato ana asanalaweko, pomwe amene akufunika rampu pakadali pano ndi mwana mmodzi yekha.

Mphunzitsi wopuma ntchito:
Achimwene, mwana mmodziyo ndimamuona m'mawa uliwonse. Anzake awiri amanyamula njinga yake, wachitatu n'kumubereka kukwera masitepe a Sitandade 5, ndipo mvula ikagwa amangokhala kunyumba poopa kuterereka. Aliponso ena m'midzi amene makolo awo sanawalembetse n'komwe podziwa kuti sangalowe m'kalasi. Dziko lino linakhazikitsa lamulo loteteza anthu aulumali mu 2012, ndipo si bwino kuti ife tiike ndiwo patsogolo pa mwana.

Mmisiri wa zomangamanga wa ku Lilongwe:
Ndikugwirizana ndi amayi aphunzitsiwa, koma ndawerenga pepala la kontilakitayo ndipo pali vuto. Khonde la kalasi latalika masentimita 60 kuchokera pansi, iye n'kulemba rampu ya mamita 3. Muyezo wodziwika ndi woti pokwera sentimita imodzi, rampu italike masentimita 12, kutanthauza kuti apa pakufunika mamita 7.2. Ya mamita 3 ndi phiri, mwanayo sangakwere yekha, ndipo potsika akhoza kugubuduka. Pamwamba pakhalenso malo afulati oti njinga iime potsegula chitseko, m'mbali mukhale zitsulo zogwirira, ndipo simenti asaisalaze ngati ya pabalaza, aidutsitse tsache ikadali yaiwisi kuti isamaterere. Za mpandawo, dimbalo lili pamtsetse, ndipo khoma lopanda timapaipi totulutsa madzi limagwa dothi likakhuta, monga tinaonera makoma ambiri pa namondwe wa Freddy mu 2023. Komanso walemba njerwa zootcha, chonsecho kuyambira 2018 malamulo amafuna kuti pa zomanga za boma tizigwiritsa ntchito zinthu zosawononga mitengo monga mabuloko a simenti.

Membala wa ku Johannesburg:
Ndamva, ndipo za mwanayo ndagonja. Koma nanga mbuzi tizitani? Bwanji tibzale nkhadze kuzungulira dimbalo?

Mphunzitsi wopuma ntchito:
Nkhadze ayi, utomoni wake ukalowa m'maso mwa ana ndi ngozi. Makolo akhoza kumanga mpanda wansungwi, ndipo kumtunda kwa dimba tibzale udzu wa vetiva kuti ugwire dothi.

Msungichuma:
Rampu ikatalika chotero, simenti ndi miyala zichuluka, ndiye kuti mwina tikwanitsa makalasi awiri ndi chimbudzi chimodzi basi. Ndikupempha kuti kontilakita alembenso mitengo potsatira muyezo watsopanowu, ndipo tizimulipira pang'onopang'ono a mmisiri athu akayendera ntchito.

Wapampando:
Ndimuimbira mawa m'mawa. A mmisiri, chonde tumizani chojambula cha rampuyo usiku uno kuti ndikamuonetsenso mphunzitsi wamkulu.