Bambo a kwathu ali m'chitokosi, akuti "kusokoneza bata", thandizeni

Membala wobisa dzina: Admin ndibiseni dzina chonde. Abale, bambo a kwathu apolisi anawatenga Lachisanu usiku, lero Lamulungu akadali m'chitokosi. Akuti anachita zinthu zomwe zikanatha kusokoneza bata. Bata lake liti, poti palibe anamenyedwa? Tikukhala nyumba za lendi, mabanja asanu mpopi umodzi, ndiye pali mayi wina amachapa mabulangete a ganyu tsiku ndi tsiku koma bilu ya madzi timagawana mofanana. Alandilodi timawauza, amangoti "ndamva". Apongozi nawo akuimba foni kuti ndine ndimawayambitsa ana awo ndewu, chonsecho olo kagawo ka sopo sanatumizepo. Ine ndi BP yangayi sindikugona. Mlanduwu ndi wa zaka zingati? Wina akuti ndisake ndalama ya belo.

Tcheya Wamkulu: AWATULUTSE LERO LOMWE! Vakabu inatha mu 2017. Mayeso Gwanda anamugwira mbandakucha akupita kukagulitsa majumbo ku Limbe, anakasuma, High Court inathetsa lamulolo. Pitani mukawauze apolisiwo kuti Tcheya wanena.

Nachisale: A Tcheya, mayiwa sanatchule vakabu. Khoti lija linathetsa gawo 184(1)(c) lokha la Penal Code. Kusokoneza bata ndi gawo 181, lilipobe.

Tcheya Wamkulu: Zonsezo ndi zofanana, malamulo a atsamunda!

Mfana Wa Kabaza: Koma mabulangete aja amachapa pa zingati? Ndili ndi awiri 😂

Gogo Nankhoma: Mwana wanga, mwamuna wapabanja amafunanji panja usiku? Yambani mwakonza zimenezo. Ndipo apongozi sanenedwa pagulu.

Nachisale: Mayi, tiuzeni chinthu chimodzi: zinachitikira kuti, ndipo bamboo anatani? Gawo 181 limafuna kuti zichitike pamalo a anthu onse, monga pamsewu, pamsika kapena ku bala. Sipafunika kuti wina amenyedwe, bola zochitazo zikanatha kuutsa ndewu. Chilango chake ndi chindapusa kapena ndende yosapitirira miyezi itatu, osati zaka. Ngati anatukwana munthu, limenelo ndi gawo 182, limafika miyezi isanu ndi umodzi. Kafunseni gawo lomwe alemba.

Bambo a Junior: Ine anandigwirapo titangotuluka koonera mpira. Ndinavomera mlandu kuti zithe msanga, ndinalipira chindapusa. Pofuna ntchito yaulonda anandifunsa police clearance, mpamene ndinalira.

Tcheya Wamkulu: Mwaona? Mukanabwera kwa ine. Ine wapolisi sandigwira, amandidziwa.

Mfana Wa Kabaza: Amakudziwani chifukwa mumagonako pafupipafupi bwana.

Tcheya Wamkulu: IWE, ndili ndi ana aakulu kuposa iwe. Admin chotsani mwana uyu.

Aunt Chikondi: Belo ya kupolisi ndi yaulere, musapereke kobiri kwa aliyense. Tengani chiphaso chanu ndi wachibale woti akawaimire. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limati munthu akaonekere kukhoti pasanathe maola 48, akathera pa tsiku lomwe khoti silikugwira ntchito, ndiye tsiku lotsatira lomwe latsegula. Ndiye ndi mawa Lolemba. Loya ngati mulibe, pitani ku Legal Aid Bureau.

Bambo a Junior: Yaulere papepala, Aunt.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Koma amene akuti mwamuna wanga ndi woyendayenda alape. Ndipo mayi wochapa uja lero wayanika mabulangete pa chingwe changa.

Nachisale: Mayi, ndafunsa kuti zinachitikira kuti.

Tcheya Wamkulu: Zosafunika zimenezo. Nkhani ndi ya mpopi, alandilodiwo ndi amene akufunika kumangidwa. Ndipatseni nambala yawo ku inbox.