Bambo anga akukhulupirira za pa WhatsApp kuposa alangizi

Mwana wa Mlimi:
Abale, ndithandizeni nzeru. Chaka chatha ndinawagulira bambo foni ya intaneti kuti tizilankhulana, ine ndili kuno ku Johannesburg, iwo ali ku Dedza. Tsopano chilichonse chobwera pa gulu la WhatsApp la kumudzi amachimvera osafunsa. Wina anatumiza uthenga woti ntchemberezandonda zimafa ndi sopo wa ufa wosakaniza ndi oyilo wa galimoto. Anathira theka la munda wa chimanga, masamba onse anapsa. Alangizi amakhala pafupi, koma sanawafunse. Ndiwauze bwanji popanda kuwachititsa manyazi?

Mayi wa ku Ntcheu:
Pepani achimwene. Musawadzudzule pa foni, munthu wamkulu sakonda kuwongoleredwa ndi mwana wake. Tumani amalume anu akacheze nawo.

Mphunzitsi:
Komatu foniyo musawalande. Nthawi ya namondwe Freddy mu 2023, ife tinasamuka msanga chifukwa cha chenjezo la pa foni. Aphunzitseni kufunsa kuti uthengawo wachokera kwa ndani.

Mwana wa Mlimi:
Zikomo nonse. Amalume ndiwaimbira madzulo ano, ndipo ndipempha alangizi alowe nawo m'gulu lomwelo.